Chithunzi Chimene Malemu Fang Anavomera

Kuseri kwa siteshoni ya sitima m'tauni ya Chiayi, pakati pa mayi wophika mpunga wa nkhukundembo ndi sitolo ya zipewa za njinga zamoto, panali kachipinda kopanikizika moti munthu akatambasula manja ankakhudza zipupa zonse ziwiri. M'menemo ndimo anakalambira a Yen Tien-sung, atakhala pampando wopanda chotsamira, akubweza zinthu zimene anthu anafufuta m'makompyuta mwawo.

Bambo awo anali wosoka maambulera, munthu amene sanatayepo ngakhale kawaya. A Yen anatengera mtima womwewo. Anayamba ndi mawailesi, kenako makina otayipira makalata, ndipo makompyuta pofika m'tauni muno anawapeza imvi zitamera kale m'mbali mwa makutu. Kusukulu ya zimenezi sanapondeko. Ankangomasula zinthu za eni ake n'kuzimanganso eniwo asanabwere, mpaka manja anazolowera okha.

Ntchito yawo ankaifotokoza mofanana kwa aliyense, kaya ndi mphunzitsi amene wataya mayeso a ana, kaya ndi mtsikana amene anafufuta makalata a chibwenzi dzulo koma lero agwirizananso. Ankasolola diski m'mimba mwa kompyuta, kachitsulo kolemera kosaposa sopo wochapira, n'kukaika pachikhatho.

"Umu ndi m'nyumba za lendi," ankatero. "Mukafufuta chinthu simunachiphe ayi. Kompyuta imangochotsa dzina pachitseko n'kulengeza kuti muno mulibe munthu. Mwini wake ali momwemo, wangokhala duu mumdima. Pulogalamu yangayi imayenda khomo ndi khomo kugogoda, ndipo amene wayankha timamutulutsa. Koma mukalowetsamo zinthu zatsopano, mlendo amakagona pamwamba pa mwini nyumba. Pamenepo musandifunse ine."

Komatu chimene chinawatchukitsa sichinali luso. Inali nsalu. Kansalu kopukutira mbale, ka mizere yabuluu, kamene ankavundikira nako galasi la kompyuta pulogalamu ikangoyamba kugogoda. A Yen sankaona zimene abweza. Ankangosuzumira m'munsi mwa nsalu, pamene pamaoneka chiwerengero cha zomwe zapezeka, ndipo chiwerengerocho chikasiya kukwera ankaitana mwini wake, iwo n'kutembenukira kukhoma ngati mkamwini amene wakumana ndi apongozi panjira.

Mwambo umenewu unabwera chifukwa cha kukoma mtima. Chaka china anabwezera mayi wina zithunzi za m'kompyuta ya mwamuna wake, ndipo pomupatsa anati, "Mapasa anuwa akula bwino, mphuno ndi za bambo awo zenizeni." Mayiyo analibe mapasa. Analibe mwana ndi mmodzi yemwe. Zimene zinachitika kunyumba kwake tsiku limenelo zinamveka mpaka kumsika, ndipo m'mawa mwake a Yen anapita kwa mayi wa mpunga uja kukapempha nsalu. Panadutsa zaka khumi ndi zinayi nsaluyo isanaphonye ntchito ndi tsiku limodzi lomwe.

Tsidya lina la msewu, padenga la nyumba ya nsanjika zitatu, panali khola la nkhunda za mpikisano. Mwini wake anali a Fang Huo-wang, munthu wa msinkhu umodzi ndi a Yen. M'mawa uliwonse a Fang ankatsegula khola n'kuimika mbendera yofiira, ndipo nkhunda zinkazungulira mlengalenga kufikira mbenderayo itatsika. Ikatsika, zonse makumi asanu ndi limodzi zinkayamba zatera pachikwangwani cha a Yen, n'kudzithandiza mtima uli m'malo, kenako n'kupita kwawo. Chimene zinachikondera chikwangwani chimenecho palibe anachidziwa.

Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri a Yen ankatuluka ndi ndowa ndi burashi, n'kukweza mutu.

"Fang, nkhuku zakozi zandilemberanso kalata."

"Uwerenge bwino, ndi mwayi umenewo. Anzako amachita kupempha."

"Tsiku lina ndidzazikazinga ndi adyo."

"Uyambe wagwira imodzi, nkhalamba iwe."

Sanamwepo tiyi pamodzi. Koma kompyuta ya a Fang ikadwala inkawoloka msewu, ndipo inkadwala kawirikawiri chifukwa chokhuta. A Fang ankakhulupirira, monga anthu ambiri a nkhunda, kuti liwiro la mbalame linalembedwa m'diso mwake. Choncho akatha kuulutsa ankaimika kamera pamiyendo yake itatu, n'kumagwira nkhunda imodziimodzi kuiyandikiza kukamerako, nkhope yawo atabisa kuseri, n'kujambula diso. Lamanja, lamanzere, mawa chimodzimodzi.

Lolemba lina a Yen anatuluka ndi ndowa n'kupeza chikwangwani chili mbee. Anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali litakwera ndithu, koma nkhunda zinali zikuzungulirabe, zitalema, zikuuluka motsika ngati zaledzera. Mbendera inali chiimire. A Yen anaika ndowa pansi, nawoloka msewu, nakwera masitepe onse, chinthu chimene anali asanachitepo. Anawapeza a Fang ali pampando wawo wansungwi, chipewa chili pamphuno, atazizira kale. Anayamba atsitsa mbendera, pakuti mbalamezo zinalibe mlandu, kenako anatsika kukauza akazi awo, mayi Kui-hua.

Wosankha masiku amwayi anasankha kuti maliro adzaikidwe Loweruka la sabata yotsatira, naini koloko m'mawa. Tenti ya maliro inatseka theka la msewu, ndipo mapemphero a amonke ankamveka pachimkuzamawu osapuma. Lachitatu, kutatsala masiku atatu, mayi Kui-hua anawoloka msewu atafungatira kompyuta ngati mwana wodwala.

"Amisiri, mwamuna wanga akukana zithunzi."

"Khalani pansi, alamu. Akukana bwanji?"

Mayi Kui-hua anali atachita monga amachitira aliyense kumeneko. Chithunzi cha malemu chisanalowe m'felemu, umayatsa lubani, n'kuima pamaso pa bokosi, n'kumufunsa mwini wake, kenako n'kuponya pansi makobili awiri a madola khumi. Lina likagwa chagada lina chafufumimba, wavomera. Onse chafufumimba, wakana. Onse chagada, akukuseka.

"Ndinayamba ndi cha pachiphaso," anatero mayi Kui-hua. "Wakana katatu. Cha ukwati wathu, waseka katatu."

"Mwina wakumbukira suti ija."

"Suti inali ya achimwene ake, ndikudziwa. Cha ku usilikali wakana. Cha ukwati wa mwana wathu, kobili linagubuduka n'kukalowa kunsi kwa bokosi, mpaka pano silinatuluke. Felemu ili pakati pa maluwa yopanda kanthu. Alendo akumawerama pamaso pa thabwa. Abale ake ayamba kunong'ona kuti ndinkamuzunza, n'chifukwa chake sakufuna kuonetsa nkhope. Loweruka felemu imeneyo iyenera kutsogolera bokosi msewu wonse uno."

Chinalipo chithunzi chimodzi, anapitiriza motero, chimene a Fang sakanachikana. Chinali cha tsiku limene nkhunda yawo inapambana mpikisano wa panyanja. Anajambula ndi mayi Kui-hua eni ake, amuna awo atakumbatira chikho padenga paja. Chinali m'kompyuta.

"Ndiye tsegulani musindikize."

Mayi Kui-hua anayang'ana zikhadabo zawo.

"Ndinafufuta."

"Chimenecho?"

"Zonse. Tsiku lomwe anamwalira. Zaka makumi anayi, amisiri. Ine ndinagonekedwa kuchipatala ndi ndulu, anabwera kamodzi. Nkhunda ikatsokomola ankagona padenga. Ndiye nditatsegula kompyuta kufuna nkhope yake, ndinapeza maso. Maso okhaokha, ondiyang'ana ngati akazi anzanga. Ndinawasesa onse, ndi m'bini momwe ndinakhuthula."

"Palibe kanthu. Mwangochotsa maina pazitseko. Bola ngati simunaikemo kanthu kena."

"Mapemphero okha."

"Mapemphero ochuluka bwanji?"

"Anaika ndi a Pan, okonza maliro aja. Akuti ndi a masiku asanu ndi awiri osabwereza."

A Yen anatsinzina kwa kanthawi.

"Ndiye kuti amonke alowa m'nyumba za nkhunda," anatero. "Isiyeni. Tiona amene sanagoneredwe."

Anasolola diski, nailumikiza ku kompyuta yawo, nayambitsa pulogalamu, navundikira nsalu. Pulogalamu inagogoda kuyambira Lachitatu masana mpaka Lachinayi dzuwa litapendeka. Chiwerengero chinaima pa zikwi makumi atatu ndi chimodzi ndi zina pamwamba. Zonse zinabwera monga zimabwerera zofufutidwa, zopanda maina, zongopatsidwa manambala ngati akaidi. Kuti chithunzi cha chikho chipezeke, panafunika munthu wotsegula chimodzichimodzi.

A Yen anawoloka kukaitana mwini wake. Anawapeza mayi Kui-hua m'tenti akupinda maluwa a mapepala oti akawotchere malemu.

"Zatuluka, alamu. Tiyeni mukasankhe."

"Ndichoke bwanji pano? Malemuyu amupatsa ndani mpunga ndi madzi osamba? Komanso ine ndikaona diso lina limodzi, nditsegula bokosili ndimumenye. Kaoneni ndinu."

"Ine sindiona. Mukudziwa."

"Munthu wakufa mungamupasulire banja liti?"

A Yen anatuluka m'tenti. Anabwerera, nasamba m'manja, nachotsa nsalu ija, naipinda kanayi. Pagalasi panali diso lalikulu ngati mbale, lofiirira ngati mkati mwa papaya, lili tong'o kuwayang'ana.

"Pepani," anatero a Yen, n'kudina lotsatira.

Anadina mpaka chala chinachita dzanzi. Maso achikasu, maso ofiira, maso otuwa ngati ngale. Ena anabwera athunthu. Ena anabwera theka, kumwamba diso, kumunsi phulusa lokhalokha pamene anagona amonke. Lachisanu m'mawa mbiri inali itafika kwa anthu a nkhunda a m'tauni yonse kuti maso a khola la a Fang, amene mwini wake sanaonetsepo munthu, ali poyera kwa a Yen. Anafika mmodzimmodzi, aliyense ndi chifukwa chake. Wina anabweretsa simbi yakufa. Wina mphika wamagetsi wophikira mpunga, mpunga uli momwemo. Anandanda pakhomo, makosi atatalika.

"Amisiri, tangotionerani simbiyi."

"Sindikonza simbi."

"Palibe vuto, tidikira."

A Yen anatambasula nsalu ija n'kudzifunditsa kumutu pamodzi ndi galasi, ngati ojambula zithunzi akalekale, n'kupitiriza kudina ali mkatimo. Anthu a nkhunda anakhala akuyang'ana msana.

Chithunzi cha chikho chinapezeka cha m'ma teni koloko. Chinayamba kutseguka kuchokera kumwamba, monga zimachitira. Thambo. Nsonga ya mbendera. Chipewa. Mphumi. Nsidze ziwiri zokondwa kwambiri. Pansi pa nsidzezo, phulusa mpaka kumapazi. A Yen anayesa pulogalamu yachiwiri, imene ankaisungira milandu yovuta, koma nayonso inakathera pansidze pomwepo.

Anasindikiza chomwecho n'kupita nacho kutenti. A Pan, munthu wovala suti yakuda amene anali ataika anthu ambiri m'manda osachedwapo ndi mphindi imodzi, anachiyang'ana mbali zonse.

"Izi n'zosavuta," anatero. "Titenga nkhope ya pachiphaso, kuyambira m'maso kutsika, tilumikize ndi mphumi iyi. Anyamata osindikiza amachita zimenezi tsiku lililonse."

Mayi Kui-hua anayatsa lubani.

"Huo-wang, wamva zimene akunena a Pan. Mphumi ya tsiku la chikho, nkhope ya pachiphaso. Ukuvomera?"

Makobili anagwa chagada onse awiri. Anaponyanso, chagada. Kachitatu, chagada.

"Akuseka," anatero a Yen.

"Ndikuona ndekha."

A Pan anayang'ana wotchi. "Mayi, ndikuuzeni zoona. Osindikiza amatseka faifi koloko. Tiike cha pachiphaso basi. Adziwa ndani?"

"Ndidziwa ine. Ndipo munthu uyu makani ake simukuwadziwa. Azindibwerera kutulo mpaka ndidzamutsatire." Anakhala pansi pakati pa maluwa a mapepala aja, ndipo kwa nthawi yoyamba a Yen anawaona akuoneka wamasiye weniweni. "Ndinamufufuta ndine. Mwina akufuna anthu aone zimenezo."

A Yen anabwerera m'kachipinda kawo, nalowanso m'nsalu. Panali patatsala zithunzi zikwi zisanu ndi zinayi, ndipo ankadziwa kuti zonse ndi maso. Anatsegula chimodzi n'kuchiyang'anitsitsa mwaukali.

"Fang, ukufuna chiyani kwenikweni? Uli moyo unkandipatsa ntchito, wafa ukundipatsabe ntchito."

Pofuna kutikita m'maso anatsamiritsa chigongono pa kambewa ka kompyuta, ndipo diso lija linakula, n'kukula, mpaka pagalasi panatsala kakuda ka pakati kokha. Mkati mwa kakudako munali denga. Munali mbendera yopindika ngati uta. Munali kamera pamiyendo itatu, ndipo kuseri kwa kamerayo kunali kamunthu kovala chipewa.

A Yen anatsegula china n'kuchikulitsa. Kamunthu kaja kanalimo. China, kanalimo. Diso la nkhunda ndi kalilole. A Fang, amene banja lawo linkasowa chithunzi chawo, anali atadzijambula ka zikwi makumi atatu ndi chimodzi osadziwa, ndipo m'zonsezo kamera inali itawaphimba nkhope.

Nthawi inali itapitirira wani koloko. Kukulitsa diso lililonse kukanatenga mwezi. A Yen anatulutsa mutu m'nsalu kuti apume, n'kuyang'ana denga la tsidya lina, limene analiyang'ana mokwiya kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Munthu ameneyu ankachotsa liti nkhope kukamera? Njinga yamoto ikagundana ndi galimoto pansi apa, sankacheuka. Chivomezi chikagwedeza nyumba, ankangogwiritsa nkhunda. Koma tsiku lililonse, dzuwa lili paliwombo, chitseko cha padenga chinkalira, ndipo mawu a mayi Kui-hua ankamveka mpaka kuno: "Idya, chizizira." Pamenepo chipewa chija chinkatembenuka.

Chithunzi chikafufutidwa dzina limatayika, koma ola limene chinajambulidwa limakhala lolembedwa mkati mwake. A Yen anauza kompyuta kuti isanje zonse potsata ola, n'kupatula za thwelofu koloko. Zinatsala mazana awiri ndi zingapo. Anayamba kukulitsa chimodzichimodzi. M'zina kamera inali itaphimbabe. M'zina munali khutu lokha. M'china munali msana wa munthu akuthamangira mbale. Cha nambala makumi asanu ndi atatu ndi zitatu ndicho chinawaimitsa.

Chala cha a Fang chinali chitadina kamera mutu wawo utadzuka kale. A Fang anali akuseka kukamwa kuli yasa, mphuno itafufuma ngati mbatata chifukwa cha kubulungira kwa diso, makutu atathawira kumbuyo. Koma anali iwo, kuposa mmene analili pachiphaso chilichonse. Ndipo pambali pawo, pachitseko, panali kamayi kakang'ono ngati njere ya mpunga, katanyamula mbale ndi manja awiri.

A Yen anasindikiza diso lonse papepala, nalipinda kuti anthu a simbi asaone, nawoloka msewu.

Mayi Kui-hua ataliona anabwerera m'mbuyo.

"Mwandibweretsera mkazi mnzanga pamaliro?"

"Yang'anani pakati, alamu."

Anatenga kagalasi kokulitsira zinthu ka amuna awo, kamene kanali patebulo pamodzi ndi chipewa ndi zina zoti zilowe m'bokosi. Anawerama nthawi yaitali. Mapemphero ankapitirira pachimkuzamawu.

"Akusekerera mbale," anatero pomaliza. "Osati ine."

"Mbaleyo sinkakwera yokha masitepe."

"Linali tsiku la nyama ya nkhumba limeneli. Ndikuidziwa mbaleyi." Anapukuta kagalasi kaja ndi mpango, ngakhale kanalibe fumbi. "Zovala zimenezi ndinazitaya kalekale. Ndinkaoneka chonchi?"

A Pan anasuzumira, nayang'ana wotchi, nawomba m'manja kamodzi.

"Zatheka. Tidula nkhopeyi, tiikulitse, mphuno tiiphwetse pang'ono. Mayi, funsani msanga."

Mayi Kui-hua anayatsa lubani.

"Huo-wang, tidule nkhope yako yokha?"

Chafufumimba onse awiri.

"Tidule iwe ndi ine, nkhunda tiisiye?"

Chagada onse awiri.

Mayi Kui-hua anatola makobili aja pang'onopang'ono. Anayang'ana bokosi monga ankayang'anira denga pa zaka makumi anayi.

"Ukufuna diso lonse."

Lina chagada, lina chafufumimba. Anaponyanso. Lina chagada, lina chafufumimba. Kachitatu, kobili limodzi linavina pasimenti, likuzungulira, kenako linagona mosiyana ndi linzake.

"Ngakhale wafa," anatero mayi Kui-hua.

"Mayi," a Pan anayamba, "ine ndagwira ntchito imeneyi zaka makumi atatu, ndipo sindinayambe ndanyamulapo..."

"Munaika amonke m'kompyuta ndinu. Thamangani, atseka faifi koloko."

Loweruka, naini koloko yeniyeni, maliro ananyamuka. Kutsogolo kunali gulu la zitoliro ndi ng'oma. Pambuyo pake panali galimoto yokutidwa ndi maluwa oyera, ndipo pakati pa maluwawo, m'felemu yagolide yotalika ngati chitseko cha kabati, munali diso la nkhunda lofiirira ngati papaya, likuyang'ana tauni yonse ya Chiayi mosaphethira. Oyenda pa njinga zamoto ankaima n'kuvula zipewa, ena mwaulemu, ena kuti aone bwino.

Maliro asananyamuke, alendo anali atadutsa mmodzimmodzi kudzatsanzikana. Anthu a nkhunda anawerama katatu monga mwa mwambo, ndipo kachitatuko sanadzuke msanga. Anakhala chiweramire, mphuno pafupi ndi felemu, akunong'onezana za mzere wachikasu wozungulira kakuda. A Pan anachita kuwakoka mmodzimmodzi. Azakhali a malemu, gogo wa zaka makumi asanu ndi anayi amene anabwera kuchokera kumudzi, anaima pamaso pa chithunzicho nthawi yaitali, misozi ikutsika.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero. "Matenda amasintha munthu."

Abale aja amene ankanong'ona anapatsidwa kagalasi kokulitsira, mmodzimmodzi, mayi Kui-hua ataima pambali manja ali m'chiuno. Aliyense anaona mphuno, anaona kuseka, anaona kamayi ka mbale. Nkhani yozunzana sinamvekenso.

A Yen anaperekeza maliro mpaka pamphambano, monga amachitira anansi, n'kubwerera. Anatenga nsalu ija, naikutumula, naibwezera pagalasi. Mpaka tsiku limene anatseka kachipindako, zaka zisanu ndi chimodzi pambuyo pake, sanaonenso chinthu cha munthu.

Mayi Kui-hua anagulitsa nkhunda zonse kwa munthu wina wa kutali ku Pingtung, amene anabwera ndi madengu n'kuzitenga tsiku limodzi. Kwa masiku asanu ndi anayi chikwangwani chinali choyera ngati mbale yotsuka. A Yen ankatulukabe ndi ndowa. Ankaima, n'kuyang'ana, n'kuthira madziwo mu ngalande.

Tsiku lakhumi anamva phokoso la mapiko asanatsegule chitseko. Munthu wa ku Pingtung anali atatsegula khola lake kuti aone ngati zazolowera. Zonse makumi asanu ndi limodzi zinali zitandanda pachikwangwani, zitayenda ulendo wautali, ndipo zinali zitasunga zambiri m'mimba.

Chitseko cha padenga chinalira. Mayi Kui-hua anatulukira atagwira tsache.

"Ine ndinagulitsa zimenezi."

"Munangochotsa dzina pachitseko, alamu. M'kholamo munalowetsamo kanthu kena?"

"Ayi."

"Ndiye eni ake ayankha."

Mayi Kui-hua anaziyang'ana nkhundazo, nkhundazo zinawayang'ananso ndi diso limodzilimodzi. Anaika tsache pansi, n'kupita kukafuna chitini cha chimanga. A Yen anaviika burashi m'ndowa, nakweza mutu.

"Alamu, nkhuku zanuzi zandilembera kalata."

"Werengani nokha," anatero mayi Kui-hua. "Ine maso andikwana."